Lendi Yanga Ili Kukhoti Lina

Ine ntchito yanga ndi yometa anthu tsitsi, zamalamulo sindizidziwa. Koma Lolemba lija, nditaima pamaso pa majisitireti ndili ndi malisiti asanu ndi awiri m'manja, ndinkadziona ngati ndawina kale mlandu. Uchitsiru wake!

Nkhani yake ndi iyi. Chipinda chimene ndimameteramo, ndi chakuseri chimene timagonamo ine, mkazi wanga ndi ana awiri, ndi za lendi. Bambo eni nyumba atamwalira, mayi amasiye ndi alamu awo anayamba kulimbirana nyumbayo. Alamuwo timawatcha a Chipewa, chifukwa savula chipewa ngakhale pamaliro. Mwezi ukatha, aliyense ankabwera atatambasula dzanja. Khoti lalikulu, limene likuweruza za chuma cha masiyecho, linalamula kuti lendi ndizikapereka ku ofesi yake mpaka mwini nyumba adziwike. Mtima wanga unakhala m'malo. Mwezi ndi mwezi ndinkapita kukalipira, lisiti n'kuliika m'bokosi la makina ometera.

Ndiye a Chipewa, osandichenjeza n'komwe, anakandisumira kukhoti laling'ono kuti sindilipira lendi, ndituluke.

Majisitireti anawerenga malisiti aja limodzi limodzi, n'kundibwezera.

"Bambo, ndawaona. Koma ndalamazi zili m'manja mwa khoti lalikulu. Khoti lino lingathe kunena kuti mutuluke kapena mukhale, koma pa ndalama zimenezo lilibe mphamvu. Sindinganene kuti ndi lendi ya nyumba imeneyi popanda kalata yochokera komweko."

"Koma bwana, chidindo si icho?"

"Chidindocho si changa. Mubweretse kalata Lachisanu m'mawa. Mukapanda kutero, ndiweruza ndi zimene zili patebulo pano."

Patebulo pajapo panali pepala la a Chipewa lokha. Panja a Chipewa anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kundifunsa ngati ndili ndi makatoni okwanira olongedzeramo katundu.

Lachiwiri ndinalawirira kukhoti lalikulu. Mzere unali utafika pamasitepe. Nditafika pawindo, kalaliki anati fayilo ili m'chipinda china ndipo wosunga kiyi wapita kumsonkhano. Lachitatu fayilo inapezeka. Kalaliki yemweyo, amene wakhala akulandira ndalama zanga miyezi isanu ndi iwiri, anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire.

"Inu ndinu ndani pamlanduwu?"

"Ndine amene ndimalipira!"

"Wolipira si mwini mlandu, achimwene. Kalatayo angapemphe ndi osuma kapena osumiridwa. Abwere okha, asayine pamaso panga. Mawa titseka folo koloko."

Pamlandu wa kukhoti lalikuluwo, osumiridwa ndi a Chipewa. Osuma ndi mayi amasiye. Ndinakhala pabenchi yapakhonde.

Chifukwa chake ndikuuzani, ngakhale n'zochititsa manyazi. Mwezi wachinayi ndikulipira kukhoti, mayi amasiye anabwera pakhomo la shopu yanga. Sanalowe. Ananena chapansipansi kuti mankhwala awo a mtima atha, ndiwapatseko theka la lendi ya mwezi umodzi, tidzawerengerana mlandu ukatha. Ine ndinali ndi makasitomala atatu pabenchi. Sindinazimitse n'komwe makina. Ndinangoti, "Mayi, khoti linakana," mokweza, kuti onse amve kuti ndine munthu wotsata malamulo. Anaima kanthawi, n'kubwerera. Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga.

Masana a Lachitatu lomwelo maganizo anali kutali, mpaka ndinamuboola mphunzitsi wina chigamba kunkhongo. Ndinamumeta mpala kwaulere, iye akutukwana. Mkazi wanga ankaonera pachitseko chakuseri, akupinda zovala za ana n'kumaziika m'chikwama chachikulu chimene timachitulutsa posamuka pokha.

"Ukulongedzeranji?" ndinamukalipira.

"Nanga ndidikire atiponyere panja? Ndinakuuzani tsiku lija, bambo a ana. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza. Pitani mukaupeze."

Ndinkaopa. Osati khoti ayi, koma chitseko cha mayi aja.

Lachinayi ndinazengereza mpaka dzuwa linayamba kupendeka. Mayi amasiyewo amakhala m'nyumba yaing'ono kumapeto kwa msewu wathu. Ndinaodira kawiri, ndipo anandilowetsa. M'chipinda chochezera, mmene kale munali mipando ya sofa ndi wailesi yakanema, munatsala mipando iwiri yapulasitiki ndi zizindikiro za miyendo ya sofa pasimenti. Mayiwo anali atawonda, m'makutu mulibe ndolo.

Ndinafotokoza zonse nditagwira chipewa changa m'manja. Ndinatchula ana. Ndinatchula makina anga, galasi lalikulu lija, makasitomala a zaka khumi ndi chimodzi. Iwo ankangoyang'ana pansi. Wotchi yapakhoma inkanena kuti kwatsala maola awiri kuti khoti litseke.

"Mwana wanga," anatero, "tsiku lija unandiyankha kuti chiyani?"

"Ndinati khoti linakana, mayi."

"Linakanadi. Sunaname." Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Koma makina ukanazimitsa."

Ndinafuna kugwada, koma iwo anali atadzuka kale. Analowa kuchipinda, n'kutuluka atamanga mpango, atanyamula kachikwama ka mapepala. Anavala nsapato pakhomo pang'onopang'ono, atatsamira khoma. Nsapatozo zinali zitatha chidendene mbali imodzi.

"Tiye, asanatseke. Koma ngati ukufuna tikafike lero, ndalama ya basi ulipira ndiwe."

"Aa, mayi, imeneyo si nkhani n'komwe."

"Kwa iwe si nkhani," anatero akukhoma chitseko. "Ine kukhoti kumeneko ndimapita wapansi. Maola awiri kupita, awiri kubwera. Kawiri konse unandidutsa uli pawindo la basi, ukukapereka lendi."

Tinayenda mpaka pasiteji, ine kumbuyo, nditanyamula kachikwama kawo.