Msana wa Mwana wa Telala

Msana wa a telala unayamba kuuma ali ndi zaka makumi atatu. Poyamba unkangowawa m'mamawa, kenako mafupa anagwirana, munthu n'kupindika. Masiku ano iwo amazindikira makasitomala awo poona nsapato. Kuchipatala anawauza kalekale kuti vuto si mashini osokera ayi. Chitetezo cha m'thupi mwawo chinasokonezeka n'kumalimbana ndi mafupa a mwini wake, ndipo chimene chinatsegula khomo ndi kachibadwa kena kotengera kwa makolo. Mawu akuti kutengerawo ndi amene anawakhala pamtima, chifukwa anali ndi mwana mmodzi yekha, mwamuna wapabanja pake, pulambala wokonza mipope ya madzi.

Kumufunsa za msana wake maso ndi maso sakanatha, pakuti mutu wawo unali wouma kuposa msana. Ndiye anapeza njira yawoyawo. Mwezi uliwonse ankamuitana kushopu.

"Bwera kuno iwe, ndikusokere malaya."

Ankamuimika pakhoma, zidendene ndi mapewa zitagunda, iwo n'kupapasa ngati nkhongo nayo yagunda. Akatero ankamukulunga tepi pachifuwa n'kumuuza kuti akoke mpweya, aone ngati nthiti zikutambasuka. Malaya anakwana khumi ndi anayi, ena a nsalu yotsala ya makatani, mpaka mpongozi anayamba kudandaula kuti kabati sikutsekeka.

Tsiku lina pulambalayo analowa atagwira m'chiuno.

"Msana, bambo. Sabata yachiwiri ino."

A telala anaika sizasi pansi. Anachita mantha kuposa tsiku limene anauzidwa za iwo eni. Anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, diresi la munthu lili pamashini, n'kumuperekeza kuchipatala. Kumeneko anamutenga magazi, anamujambula msana, n'kuwauza kuti abwerenso Lachisanu. Masiku onsewo a telala ankangosoka n'kumasula.

Lachisanu dokotala, mayi wa magalasi, anatsegula fayilo.

"Kachibadwa kaja ali nako."

"Ndamupatsa ndine," anatero a telala.

"Dikirani ndimalize, bambo. Kukhala nako si kudwala. Mwa anthu makumi awiri amene ali nako, amadwala mmodzi kapena awiri. Enawo amakalamba osadziwa n'komwe. Magazi ake sakuonetsa kutupa, mafupa ali bwinobwino. Iye amamva kuwawa akagwira ntchito, akapuma kumachepa. Inu zinkatero?"

"Ayi. Ine unkandizunza ndikagona."

"Mwaonatu. Uwu ndi mnofu chabe." Anatembenukira kwa pulambala. "Mwakhala masiku angati mutapindika pansi pa sinki?"

"Anayi. Nyumba yonse yosanja."

"Ndipo matendawo atati adzabwere, masiku ano tikawapeza msanga timawagwira msana usanaume. Taimani pakhomapo, zidendene zigunde."

Pulambala anaima, nkhongo n'kugunda khoma. Kenako anayang'ana bambo ake, nayamba kuseka mpaka kugwiranso m'chiuno muja.

"Ndiye malaya aja anali a zimenezi?"

A telala anachita manyazi, n'kumakonza kolala yomwe inali bwinobwino. Koma mtima unali utakhala pansi, ndipo anamva njala kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

Atatuluka m'chipindamo, mwanayo anawagwira mkono monga mwa masiku onse. Khonde linali lalitali, anthu atakhala pamabenchi mbali zonse. Munthu wopindika akakhala pafupi nawe amangoona lamba ndi nsapato. Kuti akuone wathunthu, uyenera kutalikira.

"Ndisiye. Tsogola."

"Bambo, mugwa."

"Ndati tsogola iwe."

Pulambala anatsogola, akucheukacheuka. A telala anaima pomwepo atagwira khoma, anthu akuwalambalala. Anaona miyendo, kenako chiuno, kenako mapewa. Mwanayo atafika pakhomo lotulukira anaoneka yense, wowongoka kuyambira kuchidendene mpaka kumutu.

"Zipita," anatero motsitsa, misozi ikugwera pansapato zawo. "Ndikukuona."