Kansomba ka pa Tcheni

Lamlungu lapitalo, njinga yamoto ya Rómulo, ya mateyala anayi ija, inatitimira pakati pa phiri la mchenga kuseri kwa mzinda wa Ica, anzake onse akuona. Anamuseka mpaka misozi. Ukali wonse unakathera pa mkazi wake Zoila: dzino limodzi linaguluka, nthiti zikubaya akamapuma.

Galaja yomwe ankakonzeramo njinga inali ya malemu bambo ake a Zoila, ndipo manja odziwa ntchito anali a Zoilayo. Mwamunayo chake chinali kuthamangitsa njinga ndi kutukwana basi.

Loweruka masana Zoila anakhala pansi ndi sipanala. Anamasula sipuloketi yakumbuyo ya njingayo, gudumu la mano 38 lokokedwa ndi tcheni, n'kumangapo yaikulu ya mano 42. Liwiro limachepa, inde, koma mumchenga chofunika ndi mphamvu yokoka. Tcheni chinaperewera, anawonjezera mfundo ziwiri, kenako anatseka polumikizira ndi kachitsulo kaja amakatcha kansomba. Kali ndi mutu wotseka ndi mchira wotseguka. Mutu umayang'ana kumene tcheni chikupita. Ukakatembenuza, mchira umakola, kansomba n'kuthawa, tcheni n'kuduka. Bambo ake anamuphunzitsa zimenezi asanamere n'komwe mabere.

Rómulo analowa akununkha mowa wa pisiko. Anagwada, anayang'ana tcheni ngati munthu wodziwa kanthu.

"Aka wakaika mozondoka. Ukufuna undiphe eti, galu iwe?"

"Ayi bambo, mutu umayang'ana ku..."

Sipanala inamupeza pakamwa. Zoila anagwera pa chitini cha girizi, mlomo utang'ambika mpaka pachibwano. Nsapato inabwera m'nthiti zomwe zija, kawiri.

"Ndikamalankhula ine, iwe uzitseka pakamwa. Wamva?"

Anatenga pulayazi, anasolola kansomba, anakatembenuza, n'kukabwezera mchira uli kutsogolo. Zoila ankaona zonse ali chigonere pasimenti. Mawu anafika pakhosi. Anawameza pamodzi ndi magazi.

M'mawa wa Lamlungu pulayazi inali ikadali pa benchi. Ntchito yake yongotembenuza kachitsulo, munthu sathera n'komwe mpweya umodzi. Zoila anaima n'kuiyang'ana. Anachita mantha, osati ndi mwamuna uja ayi, koma ndi mtima wake womwe, mmene unaliri zii. Anapita kukamuthirira khofi.

Kumchenga anthu anali atadzaza, dzuwa likuswa mtengo. Eusebio, mnzake wa Rómulo amene anaseka kwambiri sabata yatha, anakuwa:

"Achimwene, lero tikukankheni, kapena mwabwera ndi bulu?"

Rómulo anangolavula, n'kuikoka moto njinga yake kulunjika phiri lija. Sipuloketi yatsopano inagwira ntchito, zoona zake. Njinga inaluma mchenga, inadutsa pamene inatitimira paja, ikukwerabe, ikukwerabe. Zoila anadzida pomva kunyadira ntchito ya manja ake.

Patatsala pang'ono kufika pansonga panamveka kuti thwa. Tcheni chinakwapula mwendo wa Rómulo ngati chikoti, injini ikulira yokha popanda chokoka. Njinga inayamba kubwerera chambuyo. Iye anafinya mabuleki, mateyala akutsogolo ananyamuka, chinjinga chonse chinamugwera pachifuwa. Anagubuduka nacho katatu. Kachitatuko msana unamveka kuthyoka mpaka pansi pamene anthu anaima.

Zoila anakwera wapansi, mchenga ukuwotcha mapazi. Anamupeza Rómulo ali chagada, miyendo itapindikira kumene miyendo sipindikira, mchenga uli m'mano. Amuna anayi anali atachotsa njinga. Eusebio ananyamula tcheni, akuyang'ana polumikizira.

"Kansomba kathawa," anatero Eusebio. "Anamanga ndani tchenichi?"

Rómulo anatembenuza maso okha, poti khosi linkakana. Anamuyang'ana mkazi wake, ndipo Zoila anaona kuti wakumbukira.

"Unkadziwa," ananong'ona Rómulo. "Bwanji sunanene?"

Zoila anagwada, anamupukuta mchenga kumaso ndi nsonga ya siketi. Polankhula, mlomo wong'ambika uja unayambanso kukha magazi.

"Munati ndizitseka pakamwa, bambo."