Mwamuna Wanga Si "Anzake"

Dokotala Wagdi anakwirira dzina la malemu amuna anga, a Fikri, ndipo sindinong'ona.

Zaka khumi ndi zinayi a Fikri ankayang'anira makompyuta a pafakitale ya nsalu kuno ku Tanta. Ndi iwo anapeza njira yoti zosungidwa m'makinamo zisamatayike magetsi akathima. Analemba zonse m'pepala la kafukufuku patebulo langa lodyera, tiyi mpaka kuzizira. Wagdi anali mphunzitsi wawo chabe wa kuyunivesite komwe ankaonjezera maphunziro. Koma maliro atangotha, ndinamva kuti amene akutamandidwa ndi pepalalo ndi Wagdi.

Ndinapita kulaibulale ya payunivesite ndili m'zakuda zanga. Ine sukulu ndinalekeza pulayimale, ndiye ndinkati andipatsa buku lalikulu. Mayi Nagwa, woyang'anira pamenepo, anandikhazika pakompyuta. Anati zolemba za akatswiri a m'mayiko onse zimasungidwa m'nkhokwe zosaoneka ndi maso, ndipo makiyi ake ali ndi laibulale. Anandilembera dzina la amuna anga m'zilembo zachizungu.

"Tayipani nokha, mayi. Siiluma."

Ndinasaka zilembozo ndi chala chimodzi. Ndisanabweze n'komwe dzanja, pepala lija linatulukira. Mayi Nagwa anadina pambali pake, ndipo panatsika mndandanda wa anthu amene anatengapo nzeru: makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Wina ku Korea. Wina ku Brazil. Ena awiri osunga zolemba za odwala ku Kenya. Munthu woti mchere m'nyumba mwake momwe sankadziwa pomwe umakhala, anthu a kutsidya kwa nyanja akumufunsa nzeru ali m'manda! Ndinagwira galasi la kompyutayo ndi chikhatho, Mayi Nagwa osandiletsa.

Kenako ndinati andiwerengere momwe wa ku Korea uja anawatchulira.

Anazengereza. "Walemba kuti, Wagdi ndi anzake."

Tinatsegula wachiwiri, wachitatu, mpaka khumi. Chimodzimodzi. Anandifotokozera kuti kuno wophunzira amaika dzina la mphunzitsi wake patsogolo mwaulemu, ndipo otengako nzeru amangotchula dzina loyambalo. Otsalawo ndi "anzake". A Fikri anapereka malowo okha, Wagdi n'kulandira osachita manyazi.

Inu ophunzira, munamanga chinthu chopeza pepala limodzi pakati pa mamiliyoni munthu asanaphethire. Ndachiona ndi maso anga, ndipo ndachigomera. Nanga chikulephera bwanji kutchula Fikri? Ndani mwa inu akonze zimenezi, ndipo liti? Ndiyankheni.