Msilikali Wachitatu pa Chithunzi cha ku Burma

Bester Likoswe sanali munthu wa mfuti. Magazini ija anaitola chifukwa chosowa chochita, ali pagalaja ina ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja kumene amakhala, kudikira kuti amuikire matayala a nyengo yachisanu. Patebulo panali magazini okhaokha a anthu okonda kusunga mfuti zakale za asilikali, ena ong'ambika zikuto, ena othimbirira ndi oilo.

Anatsegula pakati. Panali chithunzi cha asilikali anayi a Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ataima m'matope, zipewa zawo zopindika mbali imodzi. Wachitatu anali ndi chipumi chotakata ndi mlomo wam'munsi wogwa pang'ono, ndendende malemu agogo ake, a Wilisoni Likoswe a ku Chingale, amene anakamenya nkhondo ku Burma. Kumudzi kunalibe chithunzi chawo. Chimodzi chomwe chinalipo chinadyedwa ndi chiswe Bester ali mwana.

Mawu a m'munsi mwa chithunzicho anafotokoza mfuti imene msilikaliyo ananyamula: fakitale imene inapanga, chaka chake, ngakhale mtundu wa mtengo umene anasemera thabwa lake. Za anthuwo anangoti ndi asilikali a ku Africa. Bester anapempha mwini galajayo, amene anangogwedeza mutu kuti atenge.

Kunyumba, mkazi wake Sungeni anali atangoweruka kosamalira okalamba. Anaona chikuto chija, nkhope n'kusintha.

"Bambo a Natalie, izi ndiye ziti? Mfuti m'nyumba muno?"

"Si mfuti, ndi agogo. Taonani apa."

Sungeni anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndikungoona timadonthomadontho. Munthu ameneyu akhoza kukhala agogo a aliyense."

Bester sanagonje. Analembera a magaziniwo imelo, kupempha chithunzi chooneka bwino. Yankho linabwera lomuthokoza chifukwa chokonda mfuti zakale, ndi kumulimbikitsa kuti alembetse azilandira magazini mwezi ndi mwezi. Analembanso, yankho lomwelo. Poganiza kuti mwina amamvera olembetsa okha, analembetsa. Magazini anayamba kubwera, koma za chithunzi, zii.

Tsiku lina akutsegula bokosi lake la makalata pansi pa fulati, anakumana ndi a Mathilda, mayi wa ku Chipata amene amapemphera nawo limodzi. Maso awo anagwera pa chikuto cha mfuti yokhala ndi mpeni kunsonga.

"Ba Likoswe, mwayamba liti vamene ivi? Vonse vili bwino kunyumba?"

Pofika Lamlungu, abusa anali atamukokera kale pambali kumufunsa ngati ntchito yake ya kuweyahausi, kosungira katundu, ikumusowetsa mtendere. Sungeni sanamuyankhule njira yonse yobwerera.

M'magazini yachitatu Bester anaona kuti mlembi wa nkhani ija, mzungu wina dzina lake Edwin, adzakhala ndi tebulo pachionetsero cha mfuti zakale m'holo ina cha ku Oakville. Loweruka la chionetserocho anasinthana shifiti ndi mnzake, n'kuuyamba ulendo chipale chikugwa.

M'holomo munali fungo la oilo ndi khofi. Munthu wakuda anali yekha, ndipo ankamva maso kumsana kwake. Anakapeza Edwin pakona, mkulu wa ndevu zoyera, wansangala. Bester atamuonetsa tsamba lija n'kunena kuti akukhulupirira kuti ameneyo ndi agogo ake, mkuluyo anadumpha ndi chimwemwe. Anatulutsa mfuti yaitali pansi pa tebulo n'kumuika m'manja.

"Gwira! Agogo ako ananyamula yotereyi. Taona chidindo ichi."

Mfutiyo inali yolemera ndi yozizira. Bester anaibwezera patebulo mwaulemu. "Bambo, ine ndabwerera chithunzi. Chenichenicho muli nacho?"

Edwin anakanda ndevu. Anati anachigula pamodzi ndi katundu wa msilikali wina wa ku Britain amene anamwalira. Chinali chachikulu, chowala bwino moti ngakhale mabatani a malaya ankawerengeka. Koma anachigulitsa chaka chatha.

"Kwa ndani?"

"Munthu wina wamtali, pachionetsero ngati chomwechi. Dzina sindinafunse. Koma usadandaule, ndinachijambula pafoni ndisanachigulitse."

Bester anaweramira pafoni ya mkuluyo. Zithunzi zinalipodi zambiri, zowala bwino. Chimodzi chinali cha mpope wa mfuti, china cha lamba wake, china cha zala zakuda zitagwira thabwa. Nkhope panalibe. Chonse chokhala ndi anthu anayi aja anachitumiza ku magazini, iye n'kufufuta pafoni kuti apeze malo.

"Ndiye simunaganize kuti anthuwa ali ndi abale?" Mawu a Bester anakwera, moti a patebulo loyandikana anacheuka.

Edwin anachita manyazi. "Pepa, mwana wanga. Owerenga athu amafuna za mfuti." Analonjeza kuti afunsafunsa kwa anzake.

Bester anakhala m'galimoto osailiza, mpweya wake ukuchita nthunzi pagalasi. Panatsala munthu mmodzi yekha amene akanatha kunena zoona: azakhali ake a Naomi, mwana womaliza wa a Wilisoni, amene amakhala ku Zomba. Anajambula tsamba lija n'kutumiza pafoni ya mdzukulu wawo Joan.

Lolemba m'mawa asanapite kuntchito anaimba pavidiyo. Kumudzi dzuwa linali litapendeka kale. Joan anatsegula chithunzi, azakhali n'kuyandikiza foni mpaka inagunda mphuno. Diso lawo limodzi linali loyera ndi ng'ala, linalo linali litayamba.

"Azakhali, mukuwaona? Wachitatuyo."

"Ndikuona utsi, mwanangu. Joan, tandiuza, khutu lakumanzere likuoneka? Bambo anali ndi khutu lodukira pamwamba. Chitsulo cha bomba chinawasenga."

Joan anakulitsa chithunzi ndi zala. "Chipewa chaphimba, agogo."

Bester anayang'ana tsamba lake. Chipewa chinali chitapendekera mbali yomweyo.

"Nanga chipumicho? Mlomowo?"

"Iiii, kwathu kuno amuna onse ndi a zipumi. Ukafuna, ingonena kuti ndi iwowo. Atsutsa ndani?"

"Ayi azakhali, ine ndikufuna kudziwa."

Mayiwo anausa moyo. Anati amva kuti madokotala a maso abwera mvula ikatha, adzapala anthu ng'ala. "Akandipala, udzanditumizirenso. Bambo anga sindingawasowe, ngakhale atavala chipewa."

Anayamba kunena zina, kuti a Wilisoni atabwerako kunkhondo sankafuna kuona mpunga m'mbale, koma mawu anayamba kudukaduka, nkhope yawo n'kuuma pagalasi. Bester anaimbanso, foni sinalowe.

Sungeni anali ataima pakhomo la kukhitchini, chikwama cha kuntchito paphewa. Anali atamva zonse.

"Mudzaimbenso mawa m'mawa muwafunse za mpungazo," anatero. "Zimenezo akuzidziwa popanda maso."

Mvula inatha ku Malawi, ku Etobicoke chipale chinasungunuka. Edwin anaimba kamodzi kunena kuti munthu wamtali uja sakupezeka. Madokotala a maso anasuntha ulendo wawo, akuti mwina chaka chamawa. Joan akuti azakhali tsopano amayenda chogwira khoma.