Maimelo a Transifa ya a Rodgers

Anthu a kumapiri akawatumiza kukagwira ntchito ku Mangochi, pali mwambo umodzi umene sauphwanya: kudandaula kutentha. Akakumana kutchalitchi, moni wake ndi womwewo. "Mwagona bwanji?" "Tigona bwanji m'ng'anjo muno?" Munthu wa ku Dedza akangoyerekeza kunena kuti kuno nkwabwino, anzake amamuyang'ana ngati wagulitsa mudzi.

Katswiri wa mwambowu anali a Rodgers Kamtedza, mlangizi wa zamitengo pa bungwe lina pa boma. Ankayenda ndi kathawulo paphewa, kumapukuta khosi ngakhale mu Juni. Koma kunena zoona, bamboyu Mangochi inamulowa m'magazi. Ankakonda chambo chowotcha, kusewera bawo pansi pa mtengo wa mango kufupi ndi mlatho, ndi kutha chaka chathunthu osavala juzi. Ku Dedza anasiyako chiyani? Chisanu, ndi abale amilandu ya malire a minda.

Vuto linali kwa akazi awo, a Fyness, amene ankadandaula kuposa iwo. Tsiku lina, zaka zapitazo, mayiwa anaimirira kumbuyo kwa amuna awo mpaka a Rodgers analemba imelo ku likulu yopempha transifa. Analembera pa kompyuta yakale ya pabalaza, imene bungwe linawasiyira litagula zatsopano. A Rodgers anatumiza mtima uli m'malo, poti ku likulu kuyankha kalata si khalidwe lawo. Tsoka ilo, ulendo umenewu anayankha. Malo ku Dedza analipo, anangotsala kunena tsiku lobwera lole.

A Rodgers anadikira kuti akazi awo apite ku kwaya, nkulemba yokana. Ndiye poti munthu wamkulu sangauze abwana kuti akukanira chambo ndi bawo, mlandu wonse anaukankhira kwa a Fyness. Analemba kuti mayiwa maondo awo sagwirizana ndi chisanu, kuti apeza anzawo apamtima kuno, kuti kuwachotsa ku Mangochi nkuwapha. Anapeka bwino kwambiri moti iwo omwe anatsala pang'ono kulira.

Kufufuta maimelowo sakanatha. A Rodgers sataya kanthu, ngakhale babu lopsa amalisunga m'katoni. Choncho anawakokera onse mu akaivu, kumalo kumene pulogalamu ya maimelo imasungirako zakale, nkudina apa ndi apo mpaka akaivuyo inazimiririka pa sikirini. Kumene inapita sanadziwe, ndipo sanafune kudziwa. Kuyambira pamenepo, a Fyness akafunsa, yankho linali limodzi: "Sanayankhebe. Anthu a ku likulu ndi oipa mtima."

Zinthu zinasokonekera chifukwa cha a Stewart, achimwene awo a Fyness a ku Lilongwe, munthu wosatha kuona nkhani ya eni ake osaithandiza. Anakumana ndi bwana wa bungwe lija pa ukwati, namudandaulira kuti mlamu wawo akupsa ku Mangochi. Bwanayo, amene anali watsopano, anati angomutumizira umboni wakuti pempho linalembedwa, zina zonse aziona yekha.

"Maimelo amenewo anatayika kalekale," anatero a Rodgers atamva.

"Otayika amapezeka," anayankha a Fyness. "Loweruka kubwera Tatu."

Tatu anali mayi wokonza makompyuta, mwini kashopu kufupi ndi msika. Anafika Loweruka m'mawa, dzuwa la Okutobala litayamba kale ukali, atavala mpango wobiriwira ndi chikwama cha zida kumsana. Pakhomo anapatsana moni ndi a Fyness m'Chiyao, moni wautali wofunsana ana, mbuzi ndi agogo odwala. A Rodgers anadabwa pang'ono kuti akazi awo Chiyao chotere anachiphunzira liti, koma analibe nthawi yoganizira zimenezo. Pakona pa balaza panali makatoni opanda kanthu amene a Fyness anali atayamba kusonkhanitsa pokonzekera kusamuka.

"Mayi, ndikuchenjezeni," anatero a Rodgers, Tatu asanakhale pansi. "Makinawa ali ndi vayirasi woopsa. Akhoza kulowa m'zida zanu."

"Musadandaule, bambo. Mavayirasi ndimadya nawo m'mbale imodzi."

Anayatsa kompyuta. Inalira ngati chigayo, nkuyaka. A Rodgers anayang'ana babu la kudenga napemphera chamumtima. Magetsi a m'dera lawo Loweruka lililonse ankathima osapempha chilolezo, koma tsiku limenelo anayaka mokhulupirika ngati alipidwa.

Tatu anatsegula pulogalamu ya maimelo nayang'ana mafoda a kumanzere. "Akaivu palibedi. Munaifufuta?"

"Ine? Inangosowa yokha."

"Ngati simunafufute, wallahi ilipo. Akaivu ndi fayilo yapayokha, imakhala mkati mwa kompyutamu. Pulogalamuyi yangoiwala njira yopitira kumeneko. Tiifufuza, tikaipeza tiiuza pulogalamu kuti itsegule."

A Rodgers anatambasula mwendo pansi pa tebulo ngati akuwongola bondo. Chala chachikulu chinakola chingwe, sikirini nkuda bii.

"Ayi, magetsi aja!" anafuula, chimwemwe chikuchita kumveka.

"Fani ikuzungulatu, bambo a Angel," anatero a Fyness.

Tatu anawerama, nabwezeretsa pulagi, nkuika chikwama chake pakati pa chingwecho ndi phazi la a Rodgers. Pa ntchito yake anali atawaona amuna ambiri amiyendo yotere, ndipo zimene zinkatuluka mu akaivu zawo sizinali za transifa. Anawayang'ana a Fyness mowamvera chisoni.

Kompyuta itayakanso, a Rodgers anayesa njira ya ulemu. Anati mlendo sangagwire ntchito ndi njala, ayambe wamwa tiyi. Tatu anati wamwa kale. Anati nanga thobwa. Tatu anati sikomo, akamaliza. Anati kodi si nthawi ya Swala imeneyi, iwo sangakonde kuchedwetsa munthu kwa Mulungu wake. Tatu anayang'ana wotchi nati nthawi ikadalipo yambiri.

Fayilo ija inapezeka m'foda ina, mkati mwa foda inanso, itakhala phee. Tatu anabwerera ku pulogalamu, nasankha potsegulira mafayilo akale, naloza fayiloyo. Kumanzere kwa sikirini kunatulukira akaivu, ndipo maimelo anayamba kutsika ngati ngumbi za mvula yoyamba. Thukuta limene a Rodgers anapukuta pamenepo linali loyamba loona m'zaka zonse za kathawulo kaja.

"Ili apa ya pempho," anatero Tatu. "Koma palinso yankho la ku likulu. Ndi ina yochokera kwa bambowa, tsiku lomwelo."

"Yankho?" A Fyness anakoka mpando. "Tasunthani."

Anavala magalasi nawerenga ya ku likulu mwakachetechete. Kenako anatsegula ya amuna awo, nkuyamba kuiwerenga mokweza, mawu amodziamodzi, kuti mwini wake amve bwino. Anawerenga za maondo osagwirizana ndi chisanu. Anawerenga za anzawo apamtima. Atafika pakuti kuwachotsa ku Mangochi nkuwapha, analeka kuwerenga. Tatu anayamba kulongedza zida zake msangamsanga, poti anali asanaiwale mbale imene inamuphonya mutu kunyumba ina ku Chowe.

A Rodgers anayang'ana pansi. Anaona lole, anaona juzi, anaona abale amalire a minda atandanda pakhonde. Koposa zonsezo anachita manyazi, chifukwa mkazi amene anamunamizira anali atawasamala bwino zaka zonsezi.

A Fyness anavula magalasi. M'maso munali misozi.

"Bambo a Angel, za maondozi anakuuzani ndani?"

A Rodgers anakweza mutu pang'onopang'ono.

"Ine sindinauzepo munthu," anapitiriza mayiwa. "Ku Dedza mwezi wa Juni ndinkadzuka ndikukwawa. Chibwerereni kuno, sanandivutepo ngakhale tsiku limodzi. Makatoni awa ndasonkhanitsa ndikulira. Amayi a kwaya ndawatsanzika kale, mayi a Sadik oyandikana nawowa sakudya. Koma ndimati nditani, mwamuna wanga akupsa, kathawulo sikachoka paphewa."

"Nanga inuyo kudandaula konse kuja?"

"Ndikanatani? Inu mukudandaula, ine ndiziti kuno nkokoma? Anthu akwathu akanati chiyani?"

Apa munthu wanzeru akanangokhala chete. Koma a Rodgers anaona kakhomo katseguka, nafuna kulowa ndi njinga yomwe. Anakhosomola, nakonza kolala. "Mayi a Angel, mwamuna weniweni amaona zinthu. Sachita kuuzidwa."

"Bodza!" A Fyness anawalanda kathawulo kaja nkuwakwapula nako paphewa, uku akuseka, uku akupukuta misozi. "Bondo langa lomwe limavuta ndi liti? Tanenani!"

"Lamanzere."

"Onse awiri! Inu mumafuna chambo ndi bawo basi. Mwanama zaka zonsezi, ndipo mwanama zoona osadziwa nkomwe."

Tatu anali atafika kale pakhomo pamene a Fyness anamuitana. "Tatu, mwana wa mayi anga, tabwerera. Chinthuchi uchibwezere kumene unachipeza."

"Ndifufute?"

"Ayi!" anayankhira limodzi. A Fyness anawonjeza kuti kalata ngati imeneyo sanalemberedwepo ngakhale ali pa chibwenzi, ndipo adzafuna kumaiwerenga akakwiya. Tatu anawaonetsa njira yotsegulira ndi yotsekera, mayiwa nayeserera mpaka anaigwira. A Rodgers atasendera kuti aone nawo, anauzidwa kuti akapungulire mlendo thobwa.

Akubwera ndi makapu, foni ya a Fyness inalira. Anali a Stewart, kufunsa ngati umboni wapezeka.

"Achimwene, pa sikirini palibe chilichonse," anatero a Fyness, akuyang'ana sikirini imene anali atangoitseka okha. "Abwanawo musawavutitsenso, tizingopirira. Koma kutentha kwake lero, achimwene, simungakhulupirire."

Anatambasula dzanja nawabwezera amuna awo kathawulo kaja. A Rodgers anakaponya paphewa, nasendera kufupi ndi foni.

"Alamu!" anakuwa ndi mtima wonse. "Tikupsa kuno!"