Mfuti Yotsata Maso a Tobias

Nditamaliza sukulu ku Scarborough, m'mbali mwa mzinda wa Toronto, mu 1973, ndinalibe ntchito ina koma kudikira Tobias. Amalume anga a Medson, amene ankandisunga, anati Loweruka adzalandira ankhoswe ake. Ine ndinkaona ngati Lowerukalo lathyoka mwendo panjira.

Tobias anali injiniya pafakitale ina kufupi ndi Oshawa. Ankati akupanga helikoputa. M'mutu mwangamu ndinkaona tili awiriwiri m'mitambo, nyumba zonse za Toronto zitasanduka timabokosi ta machesi. Koma munthuyo anali wamanyazi ngati mkamwini watsopano. Pamaso pa amalume ankayang'ana nsapato zake, ndipo tikakhala tokha ankalankhula ndi phewa langa.

Tsiku lomwe fakitale inaitana abale a antchito, anabwera kudzatitenga pagalimoto. M'chishedi chozizira, chonunkha oyilo, munaima chinthucho: chotuwa, choonda ngati tombolombo, mipando iwiri yotsogozana. Kunsi kwa mphuno yake kunali mfuti.

"Nanga odwala azigona pati?" anafunsa amalume, poti iwo ankagwira ntchito kuchipatala.

"Si ya odwala iyi, amalume. Ndi yankhondo. Mbali yanga ndi chisoti ichi. Tikuchitesitabe."

Amalume anayang'anitsitsa mfuti ija. Kwathu ku Mwanza kunkafika anthu othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ana awo akangomva chigayo chikulira ankalowa kunsi kwa nkhokwe, poyesa kuti ndi helikoputa.

Tobias anakwera n'kuvala chisoti cha mawaya chija. Atapotolera mutu kumanzere, mfuti inalira pang'ono, nayo n'kupotokera kumanzere. Kumanja, nayo kumanja. Azungu anaomba m'manja.

"Zelipa!" Tobias anafuula dzina langa. "Uli pati kodi?"

Anandipeza pakati pa gulu. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso osaphethira, mano onse pamtunda, ndipo kamwa la mfuti linadzaima pachifuwa panga.

"Usaope iwe, mulibe zipolopolo!"

Ndinasunthira kumbuyo kwa mayi wina wonyamula khanda. Mfuti inanditsata, kudutsa pamutu pa khandalo. Anthu anaseka. Ndinasunthanso. Inabweranso, osafulumira, ngati ikudziwa kuti khomo lili patali.

"Waona? Sungandithawe," anatero. Mawu akewo ndinali ndisanawamvepo.

Pobwerera anayendetsa galimoto akuimba mluzu. Ankafotokoza kuti chaka chamawa chisoticho chidzatha kugwira ngakhale munthu wothamanga m'chimanga. Nthawi iliyonse ndikadzutsa mutu, maso ake anali pagalasi loonera kumbuyo, pa ine.

Anatitsitsa pakhomo pa nyumba yathu yosanja, koma sananyamuke. Injini inkangolira.

Tili m'chikepe, amalume anatsokomola.

"Ndiye Loweruka ndiwauze chiyani anthu aja?"

Ndinatsamira khoma la chikepecho.

"Muwauze kuti mwana akadali wamng'ono, amalume. Koma mukawauzire kwawo. Kuno asabwere."