Mzere Pamsana pa Thonje

A Lumo anali atameta mitu ya anthu zaka makumi awiri, koma galu anali asanamukhudzepo ndi makina. Dzinali linachokera kuntchitoko, ndipo ngakhale akazi awo ankawaitana choncho. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu: mipando iwiri, galasi lalitali, benchi ya odikira, ndi fani yapadenga yomwe inkazungulira ngati ikuchita kukakamizidwa.

Galuyo anali wa alamu awo, achimwene a akazi awo, omwe ankayendetsa lole ndipo anali atapita ulendo wa milungu itatu. Anali galu wamkulu, wofatsa, waubweya wambiri woyera, dzina lake Thonje.

Mlungu wachiwiri kunja kunatentha kwadzaoneni. Phula la mumsewu linkafewa, ndipo anthu ankayenda m'mphepete mwa makoma kufuna mthunzi. Lachinayi masana a Lumo atapita kunyumba kukadya, anapeza Thonje ali thasa kuseri, lilime lili panja, akupuma wefuwefu. Mthunzi umene anamusiyamo m'mawa unali utachoka, madzi a m'mbale atafunda ngati osamba. Akazi awo anali kuntchito. A Lumo anamumwetsa madzi ena, nkumutenga kupita naye kushopu, akudutsa mbali ya msewu yomwe kunali mitengo.

Kushopu kunalibe munthu. Thonje anagona pasimenti, a Lumo nkukhala pabenchi kumamuyang'ana. Mumtima anati munthu wanzeru sangafunde bulangete kukutentha chonchi, nanga galuyu walakwa chiyani? Anatenga makina akale m'dirowa, anagwada, nkuyendetsa kuchokera pakhosi mpaka pakati pamsana. Ubweya unagwa mulu. Panatsala mzere wowongoka bwino, khungu lofiirira likuonekera. Thonje sanadandaule, anangotembenuza mutu kununkhiza makinawo.

Ali pafupi kuyamba mzere wachiwiri, pakhomo panaima dokotala wa ziweto, bambo wachikulire wadazi amene ankabwera Lachinayi lililonse kudzachepetsa ndevu. Anayang'ana galu, anayang'ana ubweya uli pansi, kenako anapempha a Lumo kuti athimitse kaye makinawo.

A Lumo anafotokoza maganizo awo a bulangete. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula chipewa nkuweramitsa mutu.

"Taonani dazi langali, a Lumo. Mukuganiza kuti ine ndi inu, amene dzuwa limamuwotcha kwambiri ndani?"

Pamwamba pa dazipo panali posupuka. A Lumo anaika makina pansi.

Adokotala anakhala pampando wometera, ndipo pamene ndevu zinkachepetsedwa anafotokoza pang'onopang'ono. Anati galu wamtundu umenewu ubweya wake wapamwamba ndi umene umatchinga dzuwa, ukauchotsa khungu limapsa. Chomutenthetsa ndi ubweya wam'kati wothothoka kale umene umangokanirira, ndipo umenewo sufuna makina, umafuna chipeso. Atadzuka ananyowetsa thaulo pampopi, nkumupukuta Thonje pamimba ndi kumapazi. Posakhalitsa kupuma kuja kunayamba kutsika. Potuluka anawaonetsa kuti asanayende naye azigunditsa kaye kuseri kwa dzanja paphula, likawaotcha iwo ndiye kuti galunso limuotcha.

Madzulo ake akazi a Lumo ataona mzerewo anaseka mpaka kukhala pansi. Anafunsa ngati anali ndi maganizo ojambulapo dzina la shopu. A Lumo anachita manyazi. Mayiwo atatha kuseka anatulutsa tisheti yakale yopyapyala ya amuna awo, anaidula manja, nkumuveka Thonje kuti dzuwa lisafike pometedwapo.

Kuyambira tsiku limenelo Thonje ankapita kuntchito. Ankanyamuka ndi a Lumo m'mamawa msewu usanatenthe, nkukagona pakona pansi pa sinki pomwe simenti inkazizira tsiku lonse. Madzi ake ankasinthidwa pafupipafupi. Pakakhala popanda kasitomala a Lumo ankamupesa ndi chipeso cha mano otalikirana, ndipo ubweya umene unkatuluka unadzadza jumbo ziwiri, galuyo osaoneka kuti wachepa. Makasitomala anamuzolowera. Wina wogulitsa nsapato ankati akakhala pampando azimumeta sitayilo iliyonse kupatula ya Thonje.

Alamu aja anabwera Loweruka la mlungu wotsatira, nkufikira kushopu komweko. Thonje anawalumphira, tisheti nkukwinyika, mzere uja poyera. Unali utayamba kumera timaubweya tating'ono. Alamuwo anausisita ndi chala.

"Alamu, ndine ndinachita zimenezi," anatero a Lumo. "Ndimati ndikumuthandiza."

Anafotokoza zonse, za mbale ya madzi ofunda, za bulangete, za dazi la adokotala. Alamuwo anangopukusa mutu akumwetulira. Anati nawonso chaka chatha anatsala pang'ono kuchita zomwezo ndi sizasi, chinawaletsa ndi ulesi basi. Kenako anati kunyumba kwawo nkwamalata ndipo masana kumakhala ngati mu uvuni, ndiye ngati sikuvutitsa, galuyo aziswera kushopu mpaka kunja kutazizira.

A Lumo anavomera. Alamuwo anapita kukatsitsa katundu wawo mulole, Thonje anawaperekeza mpaka pakhomo, anayang'ana dzuwa lili panja, nkubwerera kukagona pansi pa sinki.